Zionetsero zomwezo, nkhani zosiyana: kodi atolankhani amatinamiza?

Funso

Ndine mayi wochita geni ya zitenje ndi nsapato mumsika wa pa boma kuno ku Mangochi. Tsiku lina kutachitika zionetsero kuno ndidaona ndekha momwe zidayendera. Anthu adayamba bwinobwino, akuimba, ena atanyamula zikwangwani. Cha kumasana anyamata ena adayamba kugenda ndi kuotcha matayala, apolisi adathira utsi wokhetsa misozi, ndipo okala ya mnzanga idathyoledwa, katundu yense n'kupita. Madzulo wailesi ina idati zionetsero zayenda mwabata. Ina idati zigawenga zasokoneza tauni yonse. Usiku mwana wanga wa ku Johannesburg adaimba foni akulira, ati waona pa WhatsApp chithunzi cha msika wathu ukuyaka, chonsecho msika sudapse. Za okala ya mnzanga palibe adanenapo. Chichokereni tsiku limenelo nkhani sindimveranso. Kodi atolankhani onse ndi abodza? Ngati ndi choncho, ife timve za ndani?

Mayi wa kwa Mpondasi

Yankho

Mayi, pepani ndi zomwe zidagwera mnzanuyo. Ndagwira ntchito ya utolankhani kwa zaka zambiri, poyamba wotola nkhani, kenako mkonzi, ndipo pano ndimaphunzitsa achinyamata ntchito yomweyi konkuno. Ndikuyankhani mosapsatira. Atolankhani onse si abodza, koma mkwiyo wanu uli ndi maziko. Pa zinthu zitatu mwatchulazi, bodza lochita kupeka ndi chithunzi chija chokha. Zomwe zidanena wailesi ziwirizo ndi zoona zodulidwa pakati, ndipo zotere ndi zomwe zimapha chikhulupiriro msanga, chifukwa munthu amene adalipo, ngati inuyo, amadziwa nthawi yomweyo kuti amubisira theka.

Ndiyambe ndi momwe nkhani ya zionetsero za m'boma ngati lathuli imafikira pa wailesi. Nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuno zambiri zimadalira munthu mmodzi, amene kawirikawiri sadalembedwe ntchito yokhazikika, amalandira kangachepe nkhani yake ikatuluka. Munthu mmodziyo ndiye aone za ku Makanjira, za ku Namwera, za kwa Katuli, za ku Monkey Bay ndi za pa boma pomwe, galimoto alibe, mayunitsi amagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Tsiku la zionetsero ayenera kusankha poima. Akaima kutsogolo pamodzi ndi atsogoleri, aona anthu akuimba, aona chikalata cha madandaulo chikuperekedwa kwa bwanamkubwa, ajambula mawu a mtsogoleri akuthokoza anthu poyenda mwabata. Isanakwane 12 koloko mkonzi ali kale pa foni kufuna nkhani yolowa m'nkhani za masana, iye n'kutumiza zomwe waona. Zomwe zikuyambika kumchira kwa chikhamu, kufupi ndi msika, sadazione, ndipo nkhani yake ija imangobwerezedwa mpaka usiku chifukwa palibe amene adamuimbiranso kufunsa kuti zatha bwanji. Mnzake wa nyumba ina amene adaima kumbuyo kwa apolisi waona miyala ikugwera pa zishango, waona utsi wa matayala, waimbira mneneri wa apolisi amene wamupatsa chiwerengero cha omangidwa. Kwa iyeyu tsiku lonse lidali la ziwawa.

Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Palibe munthu angaone tauni yonse nthawi imodzi, ndipo pamenepo palibe mlandu. Mlandu umabwera pamene munthu waona msewu umodzi koma akulankhula ngati waona yonse. Mtolankhani wachilungamo amanena kuti pamene waima iye zinthu zili motere, ndipo za kumsika sadazitsimikize. Mawu ochepa amenewo ndi omwe akonzi ambiri amachotsa, poti amafuna nkhani yomveka yotheratu.

Tcherani khutu ku mawu omwe asankhidwa, chifukwa chinyengo chambiri chimabisala mmenemo. Anthu omwewo wina awatcha "nzika zokhudzidwa", wina "anthu okwiya", wina "zigawenga". Khamu lomwelo kwa wina ndi "anthu miyandamiyanda", kwa wina ndi "kagulu ka anthu ochepa", ndipo onse ali ndi chithunzi chotsimikizira, wina adajambula ali pamwamba khamu litadzaza msewu, wina adajambula mmawa anthu asadasonkhane. Mukamva kuti "munthu mmodzi wafa pa chipwirikiticho", dzifunseni kuti wafa bwanji. Wapondedwa? Wagendedwa? Wawomberedwa, nanga ndi ndani? Chiganizo chopanda wochita nthawi zambiri chimakhala kuti chikutchinjiriza wina wake. Momwemonso mawu oti "zionetsero zosaloledwa". Ndime 38 ya malamulo aakulu a dziko lino imapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo chomwe lamulo la apolisi limafuna kwa okonza ndi kudziwitsa bwanamkubwa pasadakhale, ngakhale pali zifukwa zina zomwe angaziletsere. Mtolankhani amene wangobwereza kuti "sizidaloledwe" osafunsa kuti adaletsa ndani, pa chifukwa chanji, wagamula kale mlandu m'malo mwa khoti.

Nanga bwanji okala ya mnzanu sidatchulidwe? Apolisi ali ndi mneneri m'boma lililonse, ndipo foni yake mtolankhani aliyense ali nayo. Okonza zionetsero amasunga manambala a atolankhani ndipo amaimba okha. Mayi wa okala alibe womulankhulira. Kuti amveke pafunika wina abwerere mmawa mwake, ayende mumsika, afunse mmodzimmodzi, ndipo pofika nthawi imeneyo akonzi atembenukira kale ku nkhani ina. Palinso china chomwe anthu ambiri sadziwa. Lamulo la apolisi lomwe lija limati katundu akaonongeka chifukwa cha zionetsero, okonza atha kusenza udindo wolipira. N'chifukwa chake mtsogoleri wa zionetsero amafulumira kunena kuti zayenda mwabata, ndipo akapanikizidwa amati othyola masitolo ndi anthu otumidwa. Aboma nawo amafuna chionongeko chimveke chachikulu kuti madandaulo a anthu aiwalike. Mbali zonse ziwiri zili ndi chifukwa chopotozera nkhani ya katundu wa mnzanu, ndipo palibe mbali yomwe ili ndi chifukwa chomufunsa iye mwini.

Tsono lilipo bodza lochita kukonza, ndipo mbiri ya dziko lathu ili nalo lokwanira. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika, mmodzi mwa iwo Alessandro Assolari wa dayosizi ya Mangochi, adatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo idawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Boma lidati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo kudasanduka mlandu, ndipo malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, komwe idasindikizidwa, adatenthedwa. Wailesi idali imodzi yokha, MBC, ndipo inkanena zomwe chipani chafuna. Amene adali ndi wailesi yogwira patali ankatchera BBC motsitsa mawu kuti amve za dziko lawo lomwe. Matipate atabwera mu 1994 tidayembekeza kuti zisintha, koma chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimadandaula za MBC, chikalowa m'boma chimaigwiritsa ntchito momwemo. Akuluakulu mukukumbukira pulogalamu ya Makiyolobasi yomwe inkanyoza otsutsa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, mpaka aphungu otsutsa adafika poipatsa MBC K1 yokha pa bajeti. Vuto silili mwa anyamata ndi atsikana owerenga nkhani. Lili poti akuluakulu a nyumbayo mpando wawo amaulandira kuchokera kwa olamula, pamene ndalama zoyendetsera zimachokera ku misonkho ya tonsefe, kuphatikizapo yanu ya mumsika.

Pa 20 July 2011, anthu atatopa ndi kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, adavala zofiira n'kulowa m'misewu ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi madera ena. Dzulo lake anyamata onyamula zikwanje adali atazungulira mumzinda wa Blantyre pa galimoto za chipani cholamula. Tsikulo litafika, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsa mawu la MACRA lidalamula wailesi zomwe si zaboma kuti zileke kuulutsa zionetserozo pamene zikuchitika, atolankhani angapo adamenyedwa ndi apolisi ku Lilongwe, ndipo MBC inkaulutsa nkhani yomwe pulezidenti ankakamba kunyumba ya boma. Anthu 20 adaphedwa, ochuluka kuposa kwina kulikonse adali a ku Mzuzu, ndipo ena mwa iwo adagona ku manda a Zolozolo. Chaka chotsatira Bingu adamwalira pa 5 April, koma dziko lidauzidwa kuti akudwala ndipo apita nawo ku South Africa kukalandira thandizo. Usiku wa pa 6 April nduna ndi achiwiri kwa nduna asanu ndi mmodzi adaonekera pa kanema wa boma kunena kuti Joyce Banda, amene adali wachiwiri kwa pulezidenti, sangatenge mpando, osatchula n'komwe kuti mwini mpandoyo adatisiya kale. Imfayo idalengezedwa pa 7 April. Munthu amene adanamizidwapo za imfa ya mtsogoleri wa dziko lake sungamudzudzule akamakayika china chilichonse chochokera pakamwa pomwepo. Ndipo boma likatseka pakamwa pa wailesi, monga lidachitiranso mu June 2019 pamene MACRA idaimitsa mapulogalamu oimba foni mpaka khoti lidalowererapo, anthu sasiya kufuna nkhani. Amakazitenga kwa wa kabaza, kumaliro ndi pa foni, komwe kulibe wozisefa.

Musaganize kuti nyumba zomwe si zaboma ndi zoyera. Iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo eni ambiri ali ndi mbiri ya ndale. Nyuzipepala za Times zidachokera ku chuma cha Kamuzu Banda. The Nation idayambitsidwa mu 1993 ndi Aleke Banda, amene adali wandale wamkulu. Joy Radio idakhazikitsidwa ndi a kubanja kwa Bakili Muluzi. Gospel Kazako, amene adayambitsa Zodiak mu 2005, adakhala nduna ya zofalitsa nkhani mu 2020. Kudziwa mwini sikutsimikizira kuti nkhani ndi yabodza, ndipo nyumba zimenezi zavumbulapo zinthu zomwe olamula sankafuna kuti zidziwike. Kumangokuthandizani kudziwa pomwe muyenera kutchera khutu kawiri. Chingwe china ndi cha malonda. Boma ndi limodzi mwa otsatsa malonda aakulu m'dziko muno, ndipo mu 2010 lidaletsa maofesi ake kuika malonda m'nyuzipepala za Nation. Mkonzi amene adaonapo zotere amayamba kudziletsa yekha asanaimbiridwe foni ndi wina aliyense.

Ndiye pali chipondamthengo, chomwe ndi manyazi a ntchito yathu. Msonkhano wa atolankhani ukatha pamayenda pepala, aliyense alembe dzina ndi nyumba yomwe wachokera, asayine, alandire envulopu yomwe amati ndi ya thiransipoti. Andale amapereka, mabungwe amapereka, okonza zionetsero ena amapereka. Ndaona mnyamata waluso, amene mmawa adabwera ndi mafunso olemba pa kapepala, akulipinda kapepalako n'kulibweza m'thumba ataona kuti envulopu zili m'manja mwa munthu yemwe amafuna kumufunsayo. Sadalembe bodza. Adangosiya funso limodzi, ndipo funso limenelo ndiye lidali nkhani. Bola nyumba zofalitsa nkhani zizilipira antchito awo moyenera ndi kuwapatsa zoyendera, apo ayi wokwera galimoto ya chipani adzalembabe zoona za pa windo la galimotoyo.

Zionetsero za 2019 zidationetsa mtundu wina wa kukondera, womwe umachokera mumtima osati m'thumba. Chisankho cha pa 21 May chitadetsedwa ndi Tipp-Ex, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidatsogolera anthu kwa miyezi ingapo kufuna kuti Jane Ansah atule pansi udindo wa wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho la MEC. Atolankhani ambiri mumtima ankagwirizana ndi madandaulowo, ndipo m'kuona kwanga ena ankapeputsa nkhani za masitolo othyoledwa ndi anthu omenyedwa poopa kupatsa boma mfundo, pamene wailesi ya boma inkaonetsa chionongeko chokhachokha. Za ku Msundwe ndi zomwe zimandiwawa kwambiri. Pa 8 October 2019 wapolisi adaphedwa ndi gulu la anthu kumeneko. Pambuyo pake amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adadandaula kuti apolisi adawagwiririra. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidafufuza n'kutulutsa lipoti mu December chaka chomwecho, ndipo mu August 2020 bwalo lalikulu la milandu lidalamula kuti amayi 18 alipidwe chipepeso. Wapolisi uja adasiya banja. Amayi aja adalakwiridwa koopsa. Zonse ziwiri zidachitika, koma anthu ambiri adangomva imodzi malinga ndi komwe amatchera, ndipo mpaka lero alipo amene amakwiya ukatchula inayo.

Ife a ku Mangochi tili ndi chilonda chathuchathu pa nkhani imeneyi. Mu June 2003 amuna asanu ochokera kunja, awiri a ku Turkey, wina wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Kenya ndi wina wa ku Sudan, adagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti amathandiza gulu la al-Qaeda. Khoti lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno, koma adawatulutsabe n'kuwapereka m'manja mwa akuluakulu a dziko la America. Asilamu adakwiya, ku Blantyre kudachitika zionetsero, ndipo kuno zinthu zidafika poipa: matchalitchi angapo adaonongedwa, ofesi ya Save the Children idaphwanyidwa. Amene adaonongeredwa nyumba zopemphereramo adalakwiridwa, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma taonani momwe nkhani idayendera. Dzina la Mangochi lidamveka pa wailesi za maiko akutali litamatidwa ku mawu a al-Qaeda ndi zipolowe. Patapita milungu ingapo amuna asanu aja adamasulidwa ku Sudan opanda mlandu uliwonse. Nkhani yachiwiriyi idalembedwa ndithu, koma sidamveke ndi mphamvu ngati yoyamba ija. Ndakumana ndi anthu ambiri amene amakumbukira za matchalitchi koma sadziwa kuti anthu aja adamasulidwa, sadziwanso kuti lamulo la khoti lidanyozedwa. Choipa chimathamanga tsiku lomwelo, kukonza kwake kumabwera anthu atabalalika.

Zotsatira zake tikuziona mpaka pano. Mkangano ungakhale wa malo a m'mbali mwa nyanja, wa msonkho wa mumsika, kapena wa makoka olandidwa nthawi yotseka nyanja, koma ukangochitikira ku Mangochi pamapezeka wina wolowetsapo chipembedzo. Ophunzira anga ndimawafunsa kuti, zikadachitikira ku Dedza ukadatchula mpingo wa anthuwo? Ngati yankho ndi ayi, chotsa. Palinso chiyankhulo. M'midzi yambiri kuno anthu amafotokoza za kukhosi kwawo m'Chiyao, ndipo mtolankhani amene sachimva amangotola mawu a amene akulankhula Chingerezi kapena Chichewa, amene nthawi zambiri ndi a muofesi. Atolankhani amabwera ambiri kuno ku misonkhano ya m'mahotela a kunyanja, koma owoloka mlatho wa Bakili Muluzi kukwera ku Namwera kapena kutsata msewu wa ku Makanjira ndi owerengeka, ndipo zimenezi zimandipweteka chifukwa kumeneko ndi komwe kuli anthu.

Chithunzi chomwe chidaliza mwana wanu n'chosiyana ndi zonsezi, chifukwa mwina sichidadutse m'manja mwa mtolankhani aliyense. Pa intaneti pali zithunzi zosawerengeka za misika ndi masitolo akuyaka: za zipolowe za ku South Africa mu July 2021 Jacob Zuma atamangidwa, za ku Kenya mu June 2024, za ku Mozambique chisankho cha October 2024 chitatha. Munthu amangotenga chimodzi, n'kulemba pansi kuti "Mangochi panopa", n'kuponya pa gulu. Ena amatero dala pofuna kuopseza kapena kuputa mkwiyo, ambiri amangotumiza chifukwa cha mantha ndi chikondi, kufuna kuchenjeza abale. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo pa WhatsApp uthenga umafika utadutsa mwa akandimverere ambirimbiri. Pa wailesi, ngakhale yokondera, pali dzina la nyumba ndi munthu amene mungamuloze chala. Pa voice note yoyamba ndi mawu oti "abale, ndamva kwa mnzanga wa ku polisi" palibe aliyense. Musaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zomwe zidayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe zidaphetsa anthu osalakwa, popanda ndi mmodzi yemwe amene adapezeka akupopa magazi.

Muuzeni mwana wanuyo kuti akaona chithunzi chotere ayang'ane zikwangwani za masitolo ngati zalembedwa m'Chipwitikizi kapena m'Chiswahili, ayang'ane yunifomu ya apolisi ndi manambala a galimoto, aone ngati pali chomwe akuchidziwa cha tauni yakwawo. Pa foni yake atha kuika chithunzicho pa Google Lens, ndipo kawirikawiri imaonetsa komwe chidatulukira koyamba. Koma zomwe adachita, zokuimbirani inu amene muli pamalopo, ndi zomwe atolankhani abwino amachitanso. Chongofunika n'chakuti aziimba asadatumize kwa ena.

Tsono ndifike pa chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu, pomwe mwati nkhani simumveranso. Mayi, amene amapindula anthu akanena kuti onse ndi abodza ndi amene ali ndi zobisa. Tsiku lomwe mtolankhani adzabweretse umboni weniweni wakuti wakuti adawombera mwana, kapena wakuti adalipira anyamata a zikwanje, wolakwayo sadzavutika n'kutsutsa. Adzangoti ndi zabodza za atolankhani, ndipo anthu otopa adzavomera. Inu mumadziwa za kumsika kuposa ine. Alipo ogulitsa usipa amene chigoba chawo adachiphwanya pansi kuti chizilowa pang'ono, koma simudaleke kugula usipa chifukwa cha iwo. Mudaphunzira kuti chigoba cha uje n'chodzaza, cha uje n'chakuba, ndipo mudaziphunzira pobwerera kwa anthu omwewo kambirimbiri. Nkhani nazonso n'chimodzimodzi, ndipo inu muli ndi mwayi womwe ambiri alibe, poti tsiku lija mudalipo. Mukudziwa wailesi yomwe idasiya ziwawa ndi yomwe idasiya kuimba kwa mmawa. Funso lotsatira n'lakuti, mawa lake ndi mkuja, ndi iti idabwerera kudzaonjezera zomwe idasiya? Nyumba yomwe imanena poyera kuti dzulo tidalakwitsa apa ndi yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri, chifukwa yosalakwitsa kulibe, zilipo zongobisa.

Amalawi amakhulupirira akapatsidwa mpata womva okha. Mlandu wa chisankho cha 2019 udaulutsidwa pa wailesi tsiku ndi tsiku, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Anthu ankamvera m'maokala, m'minibasi, pa madoko akusoka maukonde, akumva okha mboni zikufunsidwa ndi maloya. Pamene oweruza asanu adagamula pa 3 February 2020 kuti chisankho chichitikenso, ngakhale ambiri amene chigamulocho chidawawawa adadziwa komwe chachokera, ndipo dziko lidavotanso pa 23 June. Palibe mkonzi adawasankhira theka loti amve.

Ena amati mankhwala ake ndi kumanga onse ofalitsa zabodza. Lamulo la za pa intaneti la 2016 lilipo, anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zomwe adalemba kapena kutumiza, choncho samalani ndi zomwe mukupititsa pa magulu. Koma ine sindiika chiyembekezo changa pamenepo, chifukwa unyolo ukakhala m'manja mwa olamula umakonda kugwira amene wawakhumudwitsa iwo. Mu April 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene adamupatsa chikalata china cha boma. Mantha otere amachepetsa atolankhani ofufuza, pamene opeka zithunzi, amene alibe dzina, amapitiriza.

Zionetsero zikadzachitikanso, nkhani za maola oyamba muzizigwira mopepuka, makamaka ziwerengero za akufa ndi ovulala, zomwe zimasintha mpaka achipatala atatsimikiza. Mverani nyumba ziwiri zomwe mukudziwa kuti sizimwera chitsime chimodzi, ndipo pomwe zagwirizana pamakhala polimba. Muzimvetsera ngati mtolankhani akunena kuti waona yekha kapena wauzidwa, ndipo ngati wauzidwa, ndi ndani. Musanyozenso wailesi za konkuno monga Dzimwe, Umoyo, Lilanguka ndi Radio Maria. Nazo zili ndi zofooka zake, ndalama n'zochepa ndipo zina zimapewa ndale, koma wolankhula pamenepo mawa mukumana naye pa chigayo kapena ku maliro, ndipo munthu wotere sanganene kuti msika wapsa pamene sudapse.

Pomaliza, muli ndi ufulu wodandaula, ndipo anthu saugwiritsa ntchito mokwanira. Yambani ndi nyumba yomwe idaulutsa nkhaniyo. Pemphani kulankhula ndi mkonzi wa nkhani, mutchule tsiku, nthawi ndi mawu omwe adanenedwa, munene zomwe mudaona, ndipo mupemphe kuti akonze pa nthawi yofanana ndi yomwe adaulutsira. Musachedwe, chifukwa zojambulidwa sazisunga mpaka kale. Akakana, Media Council of Malawi imalandira madandaulo okhudza khalidwe la atolankhani, ndipo za wailesi ndi kanema mutha kupita nazonso ku MACRA. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, si la atolankhani okha. Inunso mutha kufunsa ku khonsolo kapena ku polisi kuti adamangidwa angati, milandu yawo ili pati, ndipo katundu wopezeka adapita kuti.

Za mnzanuyo, ngati sadakanene ku polisi apite akatenge lipoti, alembe katundu yense adabedwa ndi mitengo yake, asunge malisiti ngati alipo, chifukwa popanda zimenezi nkhani ya chipepeso siyamba n'komwe. Kenako musonkhanitse ena onse amene adaonongeredwa tsiku lija, mupite limodzi ndi wapampando wa msika ku wailesi ya konkuno kapena kwa mtolankhani wa nyumba zazikulu zija, mukanene kuti muli ndi nkhani yomwe sidatuluke. Munthu mmodzi atha kumuuza kuti abwere mawa, koma amayi khumi a mumsika atanyamula mapepala awo, mkonzi aliyense amadziwa kuti imeneyo ndi nkhani.